Akundiseka, kapena akuseka nane?

Tiwerenge: Genesis 18:1-15 ndi 21:1-21

Pali zinthu ziwiri zimene zinachitika m'tchalitchi mwathu, pa guwa limodzi, pamaso pa anthu omwewo, ndipo ngakhale papita zaka sizinachoke m'mutu mwanga. Zonse ziwiri zinathera m'phwete. Phwete loyamba linamupatsa mwini wake nkhani yokamba moyo wake wonse, pamene lachiwiri linachotsa munthu kutsogolo kwa mpingo mpaka lero.

Choyamba chinachitika m'nyengo ya njala ya 2002, nkhokwe zili mbee, ndipo pamsika mtengo wa chimanga ukusintha m'mawa ndi madzulo. Lamulungu limenelo abusa anali atapita kunthambi ina, choncho amene analalikira anali mkulu wa mpingo wina, bambo waulemu wake, wosadziwika ndi nthabwala, wa jekete lakuda limene sankalivula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anatenga nkhani ya Zakeyu ya pa Luka 19. Atafika pamene munthu wamfupi uja anathamangira kutsogolo kuti aone Yesu, mkuluyo anakweza mawu, namenya guwa, nati: "Abale anga, Zakeyu anakwera mtengo! Ndikuti anakwera mtengo!"

Akatswiri a chinenero angatiuze kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimasiyana kamvekedwe, koma khutu la munthu wanjala silisamala zimenezo. Mpingo umene unatha sabata yonse ukudandaula kuti chimanga chakwera mtengo, mchere wakwera mtengo, sopo wakwera mtengo, unamva kuti tsopano naye Zakeyu wakwera mtengo. Anayamba ndi amayi a kumbuyo, kenako achinyamata a kwaya, mpaka tchalitchi chonse chinafa nalo phwete. Mkulu uja anaima. Anayang'ana mabatani a jekete lake, nayang'ana buluku, poganiza kuti mwina china chake chatseguka. Atazindikira chimene chinachitika, nayenso anaseka mpaka misozi, napukuta magalasi, nati: "Ndipotu anali wamsonkho." Apo ndiye anathira palafini pamoto. Kuyambira tsiku limenelo, kaya ndi paukwati kaya ndi pasiwa, bamboyo sankalephera kufotokoza za tsiku limene anaseketsa mpingo wanjala.

Chachiwiri chinachitika patapita zaka zingapo. Tinali ndi mayi wina wachikulire, wamasiye, wa m'bungwe la amayi. Ali mtsikana sanapite kusukulu, pakuti masiku amenewo makolo akakhala ndi fizi ya mwana mmodzi inkapita kwa mnyamata, ndipo pamene pulayimale yaulere inkafika mu 1994 n'kuti iye ali kale ndi zidzukulu. Atakalamba analowa sukulu ya kwacha ndi cholinga chimodzi chokha, chakuti asanamwalire adziwerengere yekha Baibulo. Pa Lamulungu la amayi anapatsidwa kuwerenga Danieli 3. Anayeserera sabata yonse. Anaima kutsogolo atavala yunifolomu yosita bwino, chala chili pamzere, nayamba pang'onopang'ono. Dzina la mfumu Nebukadinezara, limene limapunthwitsa ngakhale aphunzitsi, analidutsa bwinobwino. Atafika pa anyamata atatu a m'ng'anjo ya moto anatchula Sadrake, natchula Mesake, ndipo wachitatu anamutcha Abiti Nego.

Palibe amene anafuna kumunyoza mayiyo, ndikutero ndi mtima wonse. Kungoti m'mutu mwa aliyense munabwera chithunzi cha mayi wa ku Mangochi, wa mpango kumutu, ali chilili m'ng'anjo ya ku Babulo. Phwete linaphulika. Ine ndinali kutsogolo, pampando wa oyendetsa mapemphero, ndipo ndinabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka. Mayi uja anadikira kuti phokoso lithe, namaliza ndime yake ndi mawu otsika, natseka Baibulo, nakakhala pansi. Potuluka anandipeza pakhomo, nandifunsa chapansipansi: "Bambo, kodi nanunso munaseka?" Ine ndinati: "Ayi, amayi, ine sindinaseke."

Anthu anali omwewo, phwete linali lomwelo, ndipo onse awiri sanadzuke m'mawa ndi maganizo oseketsa munthu. Nanga n'chifukwa chiyani wina anapita kwawo ndi chimwemwe chodzaza tsaya, wina n'kupita atagwetsa nkhope?

Munthu woseketsa mwadala, monga ankachitira malemu Izeki ndi Jakobo, amatchera yekha msampha, ndipo phwete likabwera imeneyo ndi nyama yake. Iye ndiye wasankha poyambira, iye ndiye wasankha pothera. Woseketsa mwangozi ndiye wakodwa. Kwa kamphindi kochepa amakumbutsidwa chinthu chimene tonsefe timachidziwa koma sitifuna kuchiganizira, chakuti anzathu amationa mbali imene ife eni sitiiona, monga munthu sangaone nkhongo yake. N'chifukwa chake mkulu uja anayamba ndi kuyang'ana mabatani. Ndipo m'kamphindi komweko mtima umafunsa funso limodzi, mwachangu kuposa mmene pakamwa pangalitchulire: anthuwa akuseka ndili mkati mwa bwalo lawo, kapena andiika pakati kuti azindionerera?

Makolo athu ankadziwa kuti kuseka munthu ndi ufulu umene sapatsidwa aliyense. Msuweni wako angathe kukunena za mutu wako ndi za mayendedwe ako pagulu, ndipo iwe umangobweza. Agogo aamuna amatcha mdzukulu wawo "mkazi wanga", namunena kuti nsima yake ndi yosapsa, mwanayo n'kumangosekerera. Pamaliro adzukulu amasereula ngakhale anamfedwa, ndipo palibe amawaimba mlandu. Ku Zambia Angoni ndi Abemba ali ndi chimbuya chawo chimene chimawalola kunenana zimene mitundu ina ingamenyane nazo. Koma mawu omwewo atatuluka pakamwa pa mkamwini kunena apongozi ake, kapena pakamwa pa mlendo wongodutsa, nkhani ikathera pabwalo la amfumu. Ndiye kuti amene wakuseka wadzitcha m'bale wako. Ukakhala wotsimikiza kuti ndi m'bale wako ndithu, chisekocho chimakoma ngati kukumbatiridwa. Ukakhala wokayika za malo ako pakati pa anthuwo, chimamveka ngati chitseko chimene chatsekedwa iwe uli panja.

Mkulu wa Zakeyu uja anali ndi mpando wake mumpingo umene phwete silikanaugwedeza. Anali atayendetsa maliro a makolo a anthu amene ankamusekawo, atayanjanitsa mabanja awo, ndipo aliyense ankadziwa kuti akatha kuseka adzamupatsabe moni ndi manja awiri. Kuonjezera apo, anaona ndi maso ake nkhope zimene zinatha miyezi osamwetulira zikuwala chifukwa cha mawu ake. Ndani sangakondwe? Mayi wathu uja anali atangofika kumene pakhomo la nyumba ya odziwa kuwerenga, atayenda ulendo wa moyo wake wonse. Anati odi, ndipo a m'nyumba anamuyankha ndi chikhakhali.

Palinso nkhani ya bala. Dzanja likagwera paphewa labwinobwino timati ndi moni, koma dzanja lomwelo likagwera pa chithupsa chimene chabisika m'malaya munthu amakuwa. Ife tinkaseka Abiti Nego, munthu amene kulibe. Mayiyo anamva zina. Anamva zaka zonse zodinda ndi chala pamene anzake akusaina, zaka zopereka kalata ya mwana wake kwa mwana wa eni kuti amuwerengere zinsinsi za banja lake, zaka zotsegula buku la nyimbo pongofuna kuti anzake asadziwe. Ifeyo sitinadziwe zonsezi. Kusadziwa kwathu kungachepetse mlandu wathu, koma ululu wake unakhala womwewo.

M'Baibulo muli banja limene mbiri yake yonse yazungulira pa kuseka. Woyamba kuseka anali Abrahamu, pa Genesis 17:17, atamva kuti iye, munthu woyandikira zaka 100, adzabala mwana mwa Sara wa zaka 90. Anagwa nkhope pansi monga wopembedza, koma pansipo ankaseka. Mulungu sanamukalipire. M'malo mwake anatchula dzina la mwanayo, Isake, limene m'Chihebri limatanthauza kuti akuseka. Kenako kunabwera alendo atatu ku Mamre, ndipo Sara, akumvetsera ali kukhomo la hema, anaseka chamumtima. Mlendo atafunsa chifukwa chake, Sara anakana kuti sanaseke, pakuti anachita mantha, koma mlendoyo anaumirira kuti anasekadi. Nthawi zonse ndikafika pa ndime imeneyi ndimakumbukira khomo la tchalitchi chathu ndi yankho langa lija.

Sara ankadziwa bwino kuwawa kwa kusekedwa. Aliyense amene wakhalako m'mudzi akudziwa zimene zimanenedwa kuchitsime za mayi amene wakalamba wopanda mwana, ndipo mutu 16 ukutiuza kuti ngakhale mdzakazi wake Hagara, atangoima, anayamba kumupeputsa. Tsono mwana atabadwa, pa 21:6, Sara akunena kuti kuseka kumeneku wamupangira ndi Mulungu, ndipo kuti aliyense womva nkhaniyi adzaseka. Apa pali kanthu kamene odziwa Chihebri amatilozera. Kamawu kakang'ono kamene Sara anagwiritsa ntchito, kakuti li, kamangotanthauza "kwa ine" kapena "za ine", motero chiganizocho chingamveke kuti anthu adzaseka naye, chingamvekenso kuti adzamuseka. Omasulira ambiri anasankha tanthauzo loyambalo. Ine ndikuganiza kuti Sara ankadziwa kuti zonse ziwiri zidzachitika. Gogo wa zaka 90 akuyamwitsa khanda ndi chinthu choseketsa, ndipo iye mwini akuvomereza kudabwitsa kwake pa ndime yotsatira. Amayi a kuchitsime sanasinthe, kasekedwe kawo sikanasinthe. Chimene chinasintha n'chakuti Sara anali ndi mwana m'manja, ndipo chiseko chikafika chinkapeza chilonda chitapola. Anawalola kuti aseke.

Bwenzi nkhani itathera pamenepo tikanati zakoma. Koma tsikani ndime zitatu zokha. Pa tsiku la phwando loletsa Isake kuyamwa, Sara anaona Ismayeli, mwana wa Hagara, mnyamata wamkulu kwa Isake ndi zaka 14, akuseka. Mawu ake m'Chihebri ndi a muzu womwewo wa dzina la Isake. Malemba a Chihebri sanena kuti ankaseka chiyani kapena ankaseka yani. Baibulo lakale la Chigriki linaonjezera kuti ankasewera ndi Isake, ndipo mtumwi Paulo pa Agalatiya 4:29 anaiwerenga nkhaniyi ngati kuzunza. Sinditsutsana ndi Paulo. Chimene ndikuona pa Genesis n'chakuti Sara sanafunse. Mayi amene anali atangolengeza kuti aliyense aseke sanathe kupirira kuseka kwa mnyamata mmodzi, chifukwa mnyamata ameneyo anali mwana wa Hagara, ndipo pamenepo panali chilonda china chimene kubadwa kwa Isake sikunachize: nsanje yakale ndi mantha a cholowa. M'mawa mwake Hagara ndi mwana wake anali panjira ya kuchipululu cha Beereseba ndi mkate ndi thumba lachikopa la madzi. Madzi anatha, mayi anasiya mwana pansi pa chitsamba kuti asaone imfa yake. N'zoona kuti Mulungu anauza Abrahamu amvere Sara, koma ndi Mulungu yemweyo amene anamva kulira kwa mnyamatayo, namuonetsa mayi wake chitsime.

Ndimaiopa ndime imeneyi chifukwa ikulankhula kwa wosekedwa. Munthu wopwetekedwa ndi chiseko amakhala ndi chifukwa chomveka, koma amathanso kulanga mopyola muyeso, ndiponso kulanga munthu amene ankangosewera. Pali abale a bere limodzi amene sapatsana moto chifukwa wina anaseka pamene mnzake anapunthwa polankhula paukwati. Pali makwaya amene anagawikana chifukwa woimba wina anayamba vesi yekha nthawi isanakwane ndipo a besi anaseka. Ukafunsa bwino, wosekayo anaiwala tsiku lomwelo, pamene wosekedwayo akukumbukira mpaka malaya amene mnzakeyo anavala.

Nako kukoma kwa kusekedwa kuli ndi mbuna yake. Mkulu wathu uja, atalawa kamodzi, anafuna kulawanso. Chaka chotsatira anabwereza nkhani ya Zakeyu mwadala, nadikira phwete, ndipo anthu anamupatsa kachiseko kaulemu kamene timapatsa akuluakulu. Anayamba kusakasaka zoseketsa zoika mu ulaliki uliwonse, munthu amene mphamvu yake inali m'kudekha. Ndanena za mkulu mmodzi, koma maguwa ambiri masiku ano akudwala nthenda yomweyi. Sindikudana ndi kuseka m'tchalitchi, ndipo mpingo umene suseka ndimaukayikira. Koma mlaliki akazoloweretsa anthu kuti pakamwa pake pamatuluka nthabwala, tsiku lobwera ndi chenjezo zidzamuchitikira za Loti, amene pa Genesis 19:14 anapita usiku kukauza akamwini ake kuti mzinda ukuwonongedwa, iwo n'kumuyesa wongoseka. Kumeneko ndiye kusekedwa kowawa kuposa konse: iwe ukunena za moyo ndi imfa, anzako akudikira pothera nthabwala.

Ambuye Yesu nawonso anasekedwa asanafune kuseketsa munthu. Sindikunena za chipongwe cha asilikali usiku wa kuweruzidwa kwake, pakuti chimenecho chinali chadala ndipo ndi nkhani ina. Ndikunena za kunyumba kwa Yairo, pa Marko 5 ndi Luka 8. Anapeza anthu akulira maliro a mtsikana wa zaka 12, nawauza kuti mwanayo wangogona. Olira aja anasiya kulira nayamba kumuseka. Tisafulumire kuwaweruza. Anali anthu odziwa maliro, ndipo Luka akuti ankadziwa kuti mwanayo wamwaliradi. Kwa iwo mawu a mlendoyo anali ngati a munthu amene sanaonepo mtembo. Taonani tsono zimene Yesu anachita. Sanatsutsane nawo, sanafune kuti amupepese, sanawatemberere. Anawatulutsa panja, natsala ndi makolo a mwanayo pamodzi ndi Petro, Yakobo ndi Yohane, nagwira dzanja la mtsikanayo. Atadzuka, analamula kuti amupatse chakudya. Sanatulukenso kukawafunsa osekawo kuti nanga tsopano mukuti bwanji. Pa ubatizo wake mu Yordano anali atamva kale kuchokera kumwamba kuti iye ndi yani ndipo ndi wokondedwa wa yani, motero phwete la pabwalo la Yairo linalibe mpando woti limulande.

N'kosavuta kwa ine, amene ndinabisa nkhope m'buku la nyimbo, kuuza mayi uja kuti alimbe mtima ngati Yesu. Ndikanatero ndikanaonjezera tchimo pa tchimo. Munthu amadziwa kuti ndi wokondedwa wa Mulungu kudzeranso m'manja mwa abale ake, ndipo tsiku limenelo manja athu anali pakamwa. Kuseka kunabwera kokha, sitikanakuletsa. Chimene tikanatha ndi chimene chimabwera pambuyo pake. Akanaima mmodzi yekha mwa ife n'kuuza mpingo kuti amayi amene mwawamvawa chaka chathachi sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, phwete lomwelo likanasanduka nthungululu, ndipo mayiyo akanakhala mkati mwa bwalo. Ine ndinali ndi mpata wotero, pakuti ndine ndinkalengeza nyimbo yotsatira. Ndinangolengeza nyimbo. Ndimathokoza kuti masiku amenewo mafoni ojambula anali asanadzaze m'matchalitchi. Zikanachitika lero, dzuwa lisanalowe Abiti Nego akanakhala atafika ku Johannesburg pa WhatsApp, akusekedwa ndi anthu amene alibe naye chisuweni chilichonse mayiyo, ndipo sadzakumana naye pakhomo kuti awafunse funso lija.

Zinanditengera nthawi yoposa chaka kuti ndipite kwawo. Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Titapatsana moni ndi kufunsana za ana ndi za mvula, ndinati: "Amayi, tsiku lija ndinakunamizani. Ndinaseka."

Sanadzutse mutu. Anapitiriza kusenda, nati: "Ndinakuonani, bambo. Buku la nyimbo limabisa nkhope, mapewa ayi." Anakhala chete pang'ono. "Kuseka sikunandiwawe kwambiri ngati kukana kwanu. Mutakana ndinadziwa kuti chimene ndinachita chinali chamanyazi zedi, choti mpaka akuluakulu akuchibisa."

Ndinasowa chonena. Anaitana mdzukulu wawo kuti abweretse Baibulo, analitsegula okha pa Danieli 3 popanda wowathandiza, nawerenga mutu wonse, chala chili pamzere. Atafika pa dzina lija anaima, nandiyang'ana, nalitchula bwinobwino: Abedinego. Kenako anati: "Komatu Abiti Nego uja ndinamuzolowera. Ndikamawerenga ndekha ndimamuonabe m'motomo ndi mpango wake." Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ulendo uno nane ndinaseka nkhope ili poyera.

Ndinawafunsa ngati angadzawerengenso kutchalitchi pa Lamulungu la amayi. Anati tiona. Anandithirira mtedza m'kajumbo, nandiperekeza mpaka pamsewu. Malamulungu a amayi apita angapo chichokereni tsiku limenelo, ndipo dzina lawo likatchulidwa pogawa mawerengo amati maso akuwavuta.